Thonje Looneka Padzuwa

Makina a Kestro anatuluka mu Novembala, ndipo pofika Khirisimasi anthu anali atayamba kale kuwaseka. Makinawo analibe vuto. Anali aang'ono ngati buku, opanda phokoso, okongola ukawaika pafupi ndi TV. Chimene chinkasowa ndi magemu. Makampani akuluakulu ananena kuti ayamba aona kaye ngati anthu agule makinawo, anthu nawo ananena kuti ayamba aona kaye ngati magemu abwere, ndiye aliyense anangoima pakhomo kudikira kuti mnzake ayambe kulowa.

Ife tinalowa, ndipo amene ndinakankha enawo ndine.

Mu situdiyo yathu yopanga magemu, mumzinda wa Łódź, tinalimo atatu. A Remek Sobieraj, eni ake, ndiwo ankalemba pulogalamu. Mlongo wawo wamkulu, Wiesia, ankajambula. Iyeyu anandiletsa tsiku loyamba lomwelo kumutchula kuti pani, mawu aulemu oitanira amayi, akuti sanakalambe choncho. Wachitatu ndinali ine, Jagoda, wongomaliza kumene ku yunivesite. Ntchito yanga inali kusewera gemu yathu mpaka ndiipezere chilema, kulemba maimelo a Chingelezi, ndi kukumbukira kuti khofi watha.

Eni Kestro, ataona kuti akuluakulu akuwazemba, anatembenukira kwa ang'onoang'ono ngati ife. Analonjeza kuti gemu iliyonse yopambana mayeso awo Marichi asanathe idzaikidwa patsamba loyamba, pamene munthu aliyense amaona akangoyatsa makinawo. Yochedwa idzapeza akuluakulu atafika, ndipo idzakwiririka pansi pa magemu awo. Nditawauza a Remek, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Pakompyuta gemu yathu ikuyenda, Jagódka. Ukufuna tiisamutsire m'nyumba yopanda anthu?"

Ndinawayankha kuti m'nyumba yopanda anthu ndi mmene munthu amasankha chipinda chake. Wiesia anaseka, ndipo a Remek, amene sakonda kusekedwa ndi mlongo wawo, anavomera kuti nkhani ithe.

Gemu yathu dzina lake Nitka, ndiko kuti ulusi. Mtsikana amatsatira ulusi wofiira m'fakitale yoluka nsalu, kudutsa m'zipinda zamakina, mpaka kukafika m'holo yaikulu mmene mumauluka tithonje tating'onoting'ono ngati chipale chofewa. Fakitaleyo sitinaipeke. Ndi nyumba yanjerwa zofiira imene situdiyo yathu inalimo, mmenenso amayi awo a Remek ndi Wiesia, pani Stefania, anagwiramo ntchito mpaka tsiku limene makina anazimitsidwa. Masiku ano pansi pali saluni, malo ojambula mphini pakhungu ndi sukulu yovina. Pani Stefania ankabwera nthawi zina ndi msuzi wa żurek wotentha m'botolo, n'kukhala panja pa chipinda chathu kumwa tiyi. Ankati akangomwako pang'ono, n'kuvundikira tambula ndi kambale. Amatero ngakhale kunyumba kwawo, kumene thonje silinaulukeko. Oluka nsalu onse ankatero kuti tiyi asamere ubweya, ndipo dzanja lawo silinamve kuti fakitale inatsekedwa.

Ankakhala panja chifukwa cha malamulo. Eni Kestro anatitumizira makina apadera oyesera gemu, ndipo anabwera ndi zoletsa zake: azikhala m'chipinda chokiyidwa, asajambulidwe, asaonedwe ndi mlendo, asatuluke pakhomo ngakhale kamodzi. Tinawaika m'chipinda chathu chogwirira ntchito, chamawindo ataliatali, mmene mapaipi otenthetsera anafa kalekale. Mwini nyumba amalonjeza kuwakonza chaka chilichonse masamba akayamba kugwa. Tinkagwira ntchito titavala makhoti, zipewa ndi magolovesi oduladula nsonga za zala. Mkaka tinkauika pawindo ndipo sunkasasa. A Remek ankanyadira zimenezi. Ankati kuzizira kumadzutsa ubongo, ndiponso kuti pulogalamu yabwino siinalembedwepo ndi munthu wofunda.

Tinatumiza gemu ku mayeso kumayambiriro kwa Febuluwale. Amene anapatsidwa kuti azitithandiza anali Graça Meireles, injiniya wa ku ofesi ya Kestro ku Lisbon, amene ankayang'anira masitudiyo ang'onoang'ono angapo. Yankho lake linali laulemu komanso lalifupi. Gemu ndi yokongola, anatero, koma yalephera. Munthu akaisewera kwakanthawi n'kufika m'holo yathonje ija, chithunzi chimayamba kutsimphina, mtsikana n'kumayenda modukizadukiza ngati akukokedwa ndi chingwe.

A Remek anangoti, "Kwathu kuno ikuyenda."

Ndipo inkayendadi. Ndinaisewera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndinazungulira m'holomo mpaka ndinadziwa njerwa iliyonse, koma mtsikanayo sanapunthwe. Graça anatumiza kanema woonetsa kutsimphinako. Ife tinamutumizira wathu woonetsa kuti kulibe. Anatitumizira manambala ochokera m'makina ake, a Remek anamubwezera awo. Sabata inatha, ina n'kuyamba. A Remek ankandiuza zoti ndilembe, ine n'kumachotsamo minga. Pamene iwo ananena kuti makina a ku Lisbon ndi akufa ndipo mwina amagona masana ngati eni ake, ine ndinalemba kuti tikuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwake, ndipo tikufunsa ngati angayesenso pa makina ena. Anayesa pa makina ena awiri. Onse anatsimphina.

Tsiku lina m'mawa a Remek, akupukuta magalasi, ananena kuti akataya sabata inanso pa chilema chimene sakuchiona, aisiya Kestro, abweza makina oyeserawo, ndipo gemu ituluka pakompyuta monga ankafunira poyamba. Ananena izi akuyang'ana khoma. Panalibe chifukwa chondiyang'anira. Tonse tinkadziwa amene anabweretsa bokosi la Kestro lija m'nyumba. Miyezi yonse yachisanu tinaithera pa kusamutsa gemuyo, ndipo pakompyuta ikanatuluka pakati pa magemu zikwizikwi, popanda woiona.

Ndinamulembera Graça, ulendo uno popanda wondiuza zolemba, kuti tikutha mphamvu. Anayankha kuti maimelo akwana, tiimbirane pa kanema, akufuna aone ndi maso ake ife tikusewera.

Linali Lachinayi lija lodya madonasi otchedwa pączki Lenti isanayambe, ndipo Wiesia anali ataima pamzere kuyambira m'mamawa kuti atigulire bokosi lathunthu. Graça anaonekera pa sikirini atavala bulauzi ya manja aafupi, windo lili pululu kumbuyo kwake. Tinali tisanaonanepo nkhope. Ife tinadzipanikiza atatu kutsogolo kwa kamera, aliyense shuga ali mbuu pa magolovesi. Ndinatenga chowongolera n'kuyamba kusewera, uku ndikufotokoza zimene ndikuchita. Ndinafika m'holo. Tithonje tinauluka bwinobwino. A Remek anapinda manja pachifuwa, kudikira kupepesedwa.

Koma Graça sankayang'ana gemu. Ankayang'ana pakamwa panga, pamene pankatuluka nthunzi chifukwa cha kuzizira.

"Jagoda, ukusuta fodya?"

"Ayi. Ndikupuma."

Kenako anafunsa ngati zipewazo ndi mwambo wa tsikuli, pamodzi ndi zokazingazo. Wiesia anamuuza kuti zokazingazo ndi mwambo, koma zipewazo ndi mwini nyumba. Graça anapempha kuti wina awerenge choyezera kutentha. Chathu chinali pakhoma pafupi ndi chitseko, ndipo sichinafike n'komwe pa madigiri khumi.

Sanaseke nthawi yomweyo, ndipo chifukwa cha chimenecho ndimamulemekezabe. Anatikumbutsa pang'onopang'ono kuti Kestro ilibe phokoso chifukwa ilibe fani mkati. Ikatentha, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Zimenezi zinalembedwa m'mabuku amene tinalandira, ndipo a Remek anaziwerenga, mwinanso kawiri. Kungoti makina athu anali asanatenthepo chibwerereni. Tinali titawasunga mufiriji miyezi yonseyi, ifenso tili momwemo. Anthu ogula, anatero Graça, adzawaika m'kabati pansi pa TV, m'chipinda chofunda, mphaka atagona pamwamba.

A Remek anavula magalasi. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti gemu yathu imayenda ku Łódź kokha," anatero, "mu Febuluwale, m'chipinda chino."

"Ogula atatu," anatero Wiesia. "Awiri a mimba imodzi."

Apa m'pamene Graça anaseka, mpaka anachoka pa kamera.

Atabwerera ndinamufunsa ngati tingatengere makinawo kunyumba kwa mmodzi wa ife, kumene kuli kofunda. Anati lamulolo si iye analilemba ndipo sangalifafanize, makina asatuluke. Koma, anawonjezera, sanaonepo lamulo loletsa kutenthetsa chipinda.

Masana omwewo ndinayenda nyumba yonse ndi bokosi la pączki zotsala. Pani Lucyna wa ku saluni anatibwereka mahita awiri, atandifunsa kaye ngati a Remek adwala, popeza chaka chatha anamuuza kuti hita ndi ya anthu aulesi. Mnyamata wa mphini anatipatsa yake. A sukulu yovina anatipatsa chachikulu chopemerera mpweya wotentha, chimene chinkalira ngati tramu, sitima ya m'misewu ya m'tauni, ikukhota. Tinamata mapulasitiki m'mphepete mwa mawindo. Magetsi anathima kawiri nyumba yonse, ndipo mayi wina anatuluka mu saluni tsitsi lili theka kudzafunsa amene akufuna kufa. Tinakoka chingwe china kuchokera pansi, zinthu n'kukhazikika.

M'mawa mwake chipinda chinali Lisbon. Mkaka unasasa. Ndinaona koyamba mikono ya a Remek, yoyera ngati tchizi, atatsala ndi vesiti yokha. Wiesia anawauza kuti avale kanthu chifukwa pali mwana wa eni ake, ndipo iwo anamuyankha kuti mwana wa eni akeyo ndi amene anayambitsa zonsezi, aone zimene wachita. Ndinasewera mpaka m'holo. Mtsikana anayenda pang'ono, n'kupunthwa, n'kuyamba kutsimphina ndendende ngati mu kanema wa Graça.

Sindinaonepo munthu akusangalala choncho poona ntchito yake ikuwonongeka. A Remek anakoka mpando, n'kunena kuti chilema chimene wachiona ndi maso chafa kale theka. Anandiuzanso kuti ndimulembere Graça kuti makina ake ndi abwino. Ndinafunsa ngati ndiwonjezere mawu opepesa. Anati ndisapitirire malire, kenako anati ndiwonjezere.

Gwero lake silinavute kupeza. Linali thonje. Wiesia anadzaza holo yonse ndi tithonje, kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo makina ankayenera kujambula kalikonse pakokha, kuwerengera kumene kakupita ndi mmene kakuzungulirira. Ali ozizira ankakwanitsa. Akafunda ankagonja. Graça anatitumizira njira ina yopeputsira ntchitoyo, imene anati situdiyo ina anaithandiza nayo pa mvula ya mu gemu yake. Inathandizadi, koma osakwanira. Kuti gemu iyende, pa tithonje khumi tilitonse panayenera kutsala kamodzi.

A Remek anachepetsa, tinayang'ana, ndipo holo inaoneka ngati chipinda chimene wina wakung'unthiramo pilo. Iwo anati kuli bwino kuchotseratu thonjelo, anthu sadzadziwa kuti linalimo. Wiesia anati iye adzadziwa. Anati holo yopanda thonje ndi holo ya alendo odzajambula zithunzi, ngati mafakitale aja anasandutsidwa masitolo, ndipo iye sanathe zaka akujambula malo ogulitsira nsapato.

"Amayi ankabwera kunyumba tsitsi lili loyera, iwe n'kumalira kuti akalamba," anatero. "Waiwala?"

"Sindinaiwale. Koma makina sadziwa amayi."

"Ndiye uwaphunzitse. Si ndiwe wanzeru wa m'banja muno?"

Anakangana masiku angapo, mwa apo ndi apo, monga amachitira anthu amene anayamba kukangana asanadziwe kuwerenga. Ine ndinkangosewera ndi kumwa madzi. Marichi anali atalowa. Ndinkadziwa kuti ngati wina sagonja, bokosi la Kestro lija libwerera ku Lisbon, komabe sindinkafuna kuti wogonjayo akhale Wiesia. Thonjelo ndi limene linandichititsa kupempha ntchito pamalopo, nditaona chithunzi chake chimodzi ndili ku yunivesite. Zimenezi sindinauze aliyense.

Masana ena mitambo inang'ambika, zimene sizichitika kawirikawiri ku Łódź nyengo imeneyo, ndipo dzuwa linalowa pawindo lalitali n'kugwera pansi ngati thabwa lopendekeka. Chopemerera cha a sukulu yovina chinali chitatha masiku chikutakasa fumbi lakale la m'mitanda ya denga. Sitinkaliona. Koma m'kuwalamo linaoneka lonse, likuzungulira pang'onopang'ono, lochuluka kwambiri. Kunja kwa kuwalako kunalibe kanthu.

Wiesia anasiya kujambula. Anaimirira, n'kulowetsa dzanja m'kuwalamo, n'kulitulutsa.

"Zinali chonchi," anatero, osayang'ana aliyense. "Tikabwera kudzawatenga amayi, thonje tinkaliona pamene pagwa dzuwa pokha. Kwinako umangolimva kukhosi. Ine ndinalijambula paliponse chifukwa ndikudziwa kuti linali paliponse."

A Remek anafunsa mosamala, ngati munthu woopa kudzutsa galu, ngati akutanthauza kuti mumdima asajambulemo kanthu.

"Usajambulemo. Koma m'kuwala usandichotsere ngakhale kamodzi."

Holo ya mu gemu ili ndi mawindo ataliatali ngati athu. Wiesia anajambulanso kuwala kwake kuti kuzigwa m'mizere yopendekeka, a Remek n'kulemba kuti thonje lizibadwa polowa m'kuwala ndi kuzimiririka potuluka. M'mizeremo linali lothithikana kuposa kale, koma holo yonse pamodzi, makina ankajambula lochepa kwambiri. Mtsikana akadutsa, thonje linkapatuka n'kubwerera pambuyo pake. Ndinaisewera mahita onse atayaka. Ndinakulunga makinawo ndi sikafu ya a Remek. Ndinawaikira buku pamwamba m'malo mwa mphaka. Mtsikana anadutsa holo yonse osapunthwa.

A Remek anayang'ana sikirini, n'kunena kuti yaoneka bwino kuposa poyamba. Wiesia anati akudziwa. Panalibe amene anathokoza mnzake.

Yankho la Graça linabwera Marichi asanathe. Analemba kuti makina ake anawaika pawindo, padzuwa la masana, ndipo gemu yapambana. Pansi pake anawonjezera kuti wapempha anzake kuti pa mafunso amene amafunsa masitudiyo atsopano awonjezerepo limodzi, lofunsa ngati m'chipinda chawo anthu amavala zipewa. A Remek anati funso limenelo alitche dzina lawo.

Nitka inakhala patsamba loyamba. Munthu aliyense amene anayatsa Kestro masabata amenewo, kaya ku Porto kaya ku Osaka, anayamba waona njerwa zofiira za nyumba yathu. Akuluakulu anafika pambuyo pake monga tinkayembekezera, ndi magemu awo a magalimoto ndi mfuti, ndipo anatipeza titasankha kale chipinda.

Lamlungu lina tinagula Kestro wamba wa m'sitolo, amene alibe malamulo, n'kupita naye ku dera la Retkinia kumene amakhala pani Stefania. M'nyumba mwawo mapaipi amatentha moti mabotolo a zipatso amachita thukuta, ndipo iwo satsegula windo chifukwa mphepo yodutsa imapha. Anatilamula kuti makinawo tiwaike m'kabati pansi pa TV, pakansalu koluka, kuti asaononge maonekedwe a chipinda. A Remek anandiyang'ana. Ndinawaika momwemo.

Pani Stefania anakana kugwira chowongolera. Anakhala pampando wawo ndi tiyi, ine n'kumasewera. Sanachite chidwi msanga. Anati makina oluka aja ndi oyera kwambiri, akuoneka kuti sanagwirepo ntchito. Anati mtsikanayo akanachotsedwa ntchito tsiku loyamba chifukwa cha tsitsi losamanga, ndipo anafunsa Wiesia ngati zaka zonse zija za sukulu yojambula sanamuphunzitse kujambula mpango. Anafunsanso a Remek ngati anthu amalipiradi kuti aziyenda m'fakitale, pamene iwo ankalipidwa kuti aziyendamo. A Remek anati inde amayi, dziko linatembenuka.

Kenako ndinatsegula chitseko cha holo. Kuwala kunagwa m'mizere yake, thonje likuzungulira mkati mwake. Pani Stefania anasiya kulankhula. Tiyi wawo anali patebulo, wosavundikira, chifukwa anali atatanganidwa ndi kutidzudzula. Maso ali pa TV, dzanja lawo linapapasa patebulo, linapeza kambale, n'kukaika pamwamba pa tambula.

Wiesia anayang'ana pansi. A Remek anagwada, n'kupisa dzanja m'kabati kukhudza makinawo. Anachotsa msanga, n'kupemerera zala.

"Atentha?" ndinafunsa.

"Ngati mbaula."

Ndinakankha chowongolera kutsogolo, ndipo mtsikana analowa m'kuwala kotsatira, akuyenda bwinobwino.